Uthenga pa Phiri la M'firiji

Foni ya amalume ake, a Muhammadi, inamupeza Ajibu ali m'basi ya kampani, mutu atautsamiritsa pa galasi, akupita ku ntchito. Anadziwa kuti kwagwa zovuta nkhani isanayambe n'komwe, chifukwa amalumewo anayamba ndi moni wautali, mpaka kufunsa za nyengo. Munthu wa ku Ntaja sangathere bandulo yake pofunsa ngati ku Doha kwacha ndi mitambo.

Atatha kuzungulira konseko anafika pa nkhani. Shakira watisiya. Anabereka m'bandakucha ku chipatala, koma magazi sanaleke. Khanda lilipo, lalikazi, lili bwino. Maliro aika lero lomwe ikatha swala ya alasiri, pemphero la chakumadzulo.

Shakira anali mlongo wake wa Ajibu, mwana wa amayi ake aang'ono, a Fauziya. Anakulira khonde limodzi, kulimbirana mango amodzi, ndipo ndiye anamuperekeza ku depoti tsiku lonyamuka, n'kumuuza kuti akanenepe, asadzabwere ngati nsungwi. Ajibu anangoyang'ana panja, magalimoto akupingasana pa mphambano za ku Al Sadd.

"Ukundimva?" anatero amalume. "Uthenga uwu si wa pa foni. Mayi ako aang'ono ali komweko, ndipo m'bale wawo kumeneko ndiwe wekha. Upite pamaso. Uwakhazike pansi, upeze munthu wamkazi woti awagwire, ndipo usayambe ndi dzina. Mutu ukakula sulewa nkhonya, mphwanga."

Ajibu anafuna kufunsa kuti mwambo umenewu unali kuti chaka chatha. Amayi ake omubereka, a Mwanjuma, atamwalira, palibe anamukhazika pansi. Anaona yekha m'foni, pa sitetasi ya mnansi wina, ali pa buleki, mpunga uli m'kamwa. Chinali chithunzi chodulidwa pa ukwati wa eni, phewa la munthu wina likuonekerabe m'mbali, ndipo pansi pake panali tinkhope tachikasu tolira. Anameza mpungawo. Anabwerera ku ntchito n'kumaliza shifiti, ndipo kuyambira tsiku limenelo misozi yake inakhala ngati yasokera njira. Anali atasiya koleji ku Blantyre n'kubwera kuno kuti amayiwo apeze mankhwala. Koleji inapita, amayi anapita, iye n'kutsala ndi kontirakiti. Koma zonsezi sanazinene. Anangoti, "Ndamva, amalume."

Kuwafikira a Fauziya sichinali chapafupi. Ankalera ana awiri m'nyumba ya mpanda ku Al Markhiya, kumene mlendo wa wantchito safika ngakhale pageti, ndipo foni yawo madamu, mwini nyumbayo, ankaitsekera m'kabati n'kumawapatsa Lachisanu lokha. Koma tsikuli, ngati wina anachita kukonza, iwo ndiwo ankabwera ku ntchito kwa Ajibu. Anali atamuuza Lachisanu lapitalo kuti banja lonse likuuluka kupita ku mapiri a kunja, kumene anthu opeza bwino amakatsetsereka pa chipale chofewa nyengo yozizira ikafika, ndipo iwo akuwatenga kuti azikayang'anira ana. Ulendo unali wa mawa. Madamu analamula kuti lero ana aphunzire kaye kuima pa matabwa otsetserekera, nayenso wantchito alawe kuzizira, asakachititse manyazi kumeneko. Ndipo foni, anatero a Fauziya mokondwa, awapatsa madzulo ano polongedza. Masiku a Shakira anali atakwana, ndipo iwo ankafuna adzimvere okha kuti akhala agogo.

Ajibu ankadziwa chimene chikuwadikira m'foni imeneyo. Tinkhope tachikasu.

Iye ankagwira ntchito mkati mwa molo, chinyumba cha mashopu chachikulu kuposa msika wa Limbe. Kumapeto kwake, kuseri kwa galasi lalitali, eni ndalama anamanga phiri. Linali ndi mitengo ya paini ya pulasitiki, kanyumba ka matabwa kopanda chipinda, nyali zabuluu, ndi chipale chopangidwa ndi makina, chimene antchito onse ankangoti sinowo. Ku koleji Ajibu ankaphunzira za mafiriji. Anzake anamaliza, tsopano akukonza mafiriji. Iye anathera mkati mwa firiji ngati nkhuku yosadzula. Ntchito yake inali ya machubu, matayala akuluakulu opopa amene alendo amakhalapo potsetsereka: kuwakoka ndi chingwe mpaka pamwamba, kukhazikapo munthu, kumukankha, n'kutsikanso kukatenga ena. Alendo ankakuwa potsika, iye n'kumamwetulira monga mwa lamulo. Malamulo ena anali akuti wantchito sakhala pansi, ndipo sakwera chubu pokhapokha mlendo wamantha atapempha womuperekeza.

Munthu wamkazi woti awagwire analipo mmodzi yekha: Misozi, wa ku Chipata, amene ankagawa majekete ndi majombo pakhomo, n'kumalandiranso machubu pansi pa phiri alendo akachuluka. Anali wapakamwa, ndipo ankakonda kumutcha Ajibu kuti Injiniya pofuna kumupsetsa mtima.

"Injiniya, iyo nkhope waibweleka kwa ndani?" anayamba Misozi, Ajibu asanavule n'komwe chikwama. "Kaibweze, izatithawitsila makasitoma."

Ajibu anamufotokozera ali chilili pakati pa majekete. Misozi anaika pansi pang'onopang'ono jombo imene inali m'manja mwake. Anati za Chisilamu sazidziwa, koma kugwira munthu amakudziwa. Chimene chinkamuvuta ndi malo. Madamu adzakhala pa kafe ya pamwamba apo akuyang'ana pa galasi, ndipo mabwana a kuno safuna wantchito wolira pafupi ndi ana awo. Amamuona ngati wodwala matenda opatsirana. Ajibu anayankha kuti kwina kulibe. Misozi anagwedeza mutu, ndipo tsiku lonselo sanamutchulenso Injiniya.

Anafika dzuwa litapendeka. Madamu anadutsa foni ili kukhutu n'kukwera ku kafe. Ana anathamangira kwa mphunzitsi wawo pa kaphiri kakang'ono. Pambuyo penipeni panabwera a Fauziya, mayi wamfupi wonenepa, mpango wakuda kumutu, zikwama za ana mapewa onse awiri.

"Ajibu mwanangu, ndiye kuno n'kumene umagwira? Waonda. Shakira anakuuza chiyani?"

Anawapatsa moni ndi manja awiri, maso ali pansi. Misozi anawaveka jekete yofiira yofika m'mawondo, chipewa pamwamba pa mpango, magolovesi. Atadziona pa kalilole anaseka mpaka kugwira khoma, ati akufanana ndi thumba la chimanga lomangidwa pa njinga. Kenaka maso awo anagwera pa shelefu ya pansi, pamene panali timajombo ta ana ongoyamba kuyenda. Anatola kamodzi, n'kukaika pa chikhatho, n'kufunsa ngati timeneti amagulitsa. Kwathu kukubwera mlendo, anatero, mwina wafika kale. Misozi anayang'ana Ajibu. Ajibu anayang'ana jombo zake.

Chitseko chachiwiri chitatseguka, kuzizira kunawamenya a Fauziya kumaso ndipo anaima duu. Anawerama, anavula golovesi, anatapa sinowo n'kuinunkhiza, kenaka n'kuilawa kunsonga ya lilime.

"Ufa wonyowa," anaweruza. "Ndiye anthu amakwera ndege kuti akagwe m'zimenezi?"

Ajibu anali atakonza zowatengera molunjika kuseri kwa kanyumba ka matabwa kaja, kumene kunali benchi. Koma iwo anali ataona kale machubu. Anati madamu alamula kuti ayese chilichonse, ndipo iwo sanabwere kudzaima ngati mtengo wa pulasitiki. Yalla, msangamsanga, awakweze.

Anakwera masitepe akupuma wefuwefu, mpweya ukutuluka m'kamwa ngati utsi wa mbaula. Pamwamba anawakhazika m'chubu, anawaonetsa pogwira, iwo n'kuyamba kutchula dzina la Mulungu. Anawakankha pang'ono. Chubu chinapota kamodzi n'kuyamba liwiro, jekete yofiira ikuchepa, ndipo kukuwa kwawo kunasanduka kuseka asanafike n'komwe pansi.

Kuseka kumeneko kunamubaya Ajibu pamene sanayembekezere. Kunali kuseka kwa amayi ake. Kuyamba mokweza, kuduka pakati ngati munthu watsamwa, n'kuyambiranso. Ana a mimba imodzi. Chikhalireni iye ankayesa kuti mawu amenewo anakwiriridwa ku Ntaja.

Anatsika kukatenga chubu. A Fauziya anali atagona chagada m'menemo, miyendo m'mwamba, akupukuta misozi ya chimwemwe. Anati zaka zonse akhala kunoku palibe chimene anachitapo chongofuna iwo eni, ndipo awakwezenso. Ajibu anati mumtima: kamodzi kokha aka, kenaka ndiwauza. Anawakweza. Atatsika anatinso kamodzi kokha. Chingwe chinkamudya m'manja, mawondo ankalira, koma ankakoka ngati bulu, kuti amvenso kuseka kuja. Pansi pa phiri Misozi ankamuponyera diso, akuloza ndi chibwano ku kaphiri ka ana, kumene phunziro linali litapita kale patali.

Kenaka adhana, yoitanira anthu ku swala ya alasiri, inamveka chapansipansi m'masipika a m'molo. Kwawo dzuwa limatsalira m'mbuyo pang'ono. Ndiye kuti nthawi imeneyo amayi a m'mudzi anali akumukulunga Shakira m'sanda, amuna akudikira panja ndi jeneza, chithatha chonyamulira maliro.

Ajibu anaima pakati pa masitepe, chingwe chili paphewa. Maganizo ena anamubwerera, okoma ngati tulo. Bwanji osangowasiya? Apite ndi kuseka kwawoko. Foni iwauze madzulo, monga inamuuzira iye. Kodi iye anafa? Si uyu akukoka matayala? Koma pomwepo anakumbukira mpunga uja, mmene unatsikira pakhosi ngati miyala, ndi mmene anayang'anira uku ndi uku m'kantini modzaza anthu osapeza ndi mmodzi yemwe woti amuuze. Anaona a Fauziya ali okha m'kachipinda kawo ka kuseri kwa khitchini, masutikesi a eni ali mbwee, foni ikuwala m'manja.

Anatsika, nasiya chubu pambali.

"Mayi, tiyeni tikapume pang'ono uko."

Anamutsatira akudandaula mwanthabwala kuti mwana wa masiku ano satha kupirira. Kuseri kwa kanyumba anakhala pa benchi, akupumabe mwamphamvu. Misozi anasiyira mnzake malo ake, anabwera, n'kukhala pafupi nawo kwambiri, phewa ndi phewa, n'kuwagwira mkono ndi manja onse awiri. Ajibu anavula chipewa. Anagwada, kenaka anakhala pansi penipeni pa sinowo, kuzizira kukulowa m'buluku ngati singano.

"Mwaswera bwanji, mayi?"

Anali atawapatsa kale moni pakhomo. A Fauziya anamuyang'ana. Anayang'ana chipewa chili m'manja mwake, anayang'ana manja a mtsikana wachilendo pa mkono wawo. Kumwetulira kunatsalira pankhope kanthawi, ngati mlendo amene sanamve kuti anzake anyamuka. Iwo anali mayi wamkulu. Mauthenga otere anali atawaperekezapo kwa ena, atakhala mbali imene wakhala Misoziyo. Anatsetsereka pa benchi mwakachetechete n'kukhala pansi, miyendo atatambasula, monga amakhalira amayi pa siwa. Misozi anatsika nawo.

"Amalume anaimba m'mawa," anatero Ajibu. "Kumudzi akupereka moni."

"Ndani?"

"Mwana wabadwa, mayi. Wamkazi. Ali bwino."

"Ndamva. Nanga amake?"

Ajibu anafinya chipewa m'manja.

"Zinakanika, mayi. Magazi sanaleke. Shakira watisiya."

A Fauziya anatsegula pakamwa, koma munangotuluka utsi woyera. Patapita kanthawi milomo inayamba kuyenda, kunena mawu amene Msilamu amanena akamva za imfa, akuti tonse ndife a Mulungu ndipo kwa Iye tidzabwerera. Anawanena mpaka kumapeto. Kenaka chifuwa chinayamba kukwera ndi kutsika, ndipo Ajibu anachiona chikubwera, chimene chimabwera kwa mayi aliyense. A Fauziya anatembenuza mutu. Kudzera pakati pa mitengo ya pulasitiki ankaoneka madamu pa galasi, akutakasa kapu. A Fauziya analuma golovesi.

"Lilani, amai," ananong'ona Misozi. "Musasunge."

"Ndilire pati, mwanangu?"

Wailesi ya palamba pa Ajibu inakhosomola. Anali supavayiza, amene ankaona zonse pa kamera, akufunsa chifukwa chimene wantchito wakhalira pansi. Nthawi yomweyo mtsikana wina anatsika phiri akukuwa ndi mawu onse, kukuwa kwautali kong'amba khutu, ndipo anzake pansi anaseka n'kuwomba m'manja. Palibe anatembenuka. M'chinyumba chonsecho, mwina mu mzinda wonsewo, amenewo ndiwo anali malo okhawo amene munthu angakuwe popanda womufunsa.

A Fauziya anamvetsera mpaka kukuwako kutatha. Anachotsa golovesi kukamwa.

"Ndidzutseni," anatero. "Iwe, tenga tayala lako lija."

Ulendo uno anakwera osayankhula, osapuma, dzanja lili pa chitsulo. Pamwamba anakhala m'chubu okha osadikira kuthandizidwa. Sanagwire pogwirira. Anaika manja kumutu.

"Undikankhe mwamphamvu."

Anawakankha. Ndipo unatuluka, mfuu wa maliro weniweni, wa kwawo, umene umadzutsa mudzi ndi kuimitsa makasu m'minda. "Mayo ine, Shakira mwana wanga ine!" Chubu chinapota, mfuuwo unapota nacho, unagunda denga la zitsulo n'kubwerera. Ajibu tsitsi linamuima. Koma alendo anaseka mokoma mtima, bambo wina anawomba m'manja, ndipo pa galasi paja madamu anakweza kapu yawo, kukondwa kuti wantchito wazolowera. Pansi Misozi anagwira chubu, anagwada, n'kuwakumbatira nthawi yaitali. Woona patali akanati akuwathandiza kudzuka.

Anakweranso. Analiranso. Ulendo wina anaitana dzina la Shakira, wina anaitana amayi awo amene anapita kalekale, wina analira khanda lotsala lopanda bere. Ajibu ankatsika, kukoka, kukankha, kutsikanso. Mapewa anali atasiya kale kuwawa. Tsopano ankangomva ngati si ake.

Atafikanso pamwamba, a Fauziya sanakhale m'chubu. Anamuyang'ana ndi maso ofiira.

"Iwe, achemwali anga unawalira?"

"Ndinali pa shifiti, mayi."

"Chaka chonse?"

Iwo analoza chubu chachikulu, cha anthu awiri, chimene chinali chotsamira pa mpanda. Anati ku pakhomo anamva Misozi akuuza mzungu wina za lamulo lija la mlendo wamantha.

"Uwauze abwana ako kuti mlendo akuopa."

Ajibu anakweza wailesi kukamwa n'kunena zomwezo. Supavayiza anati khalasi, kutanthauza kuti basi chabwino, koma achite changu. Anakhala kumbuyo, amayi ake aang'ono kutsogolo, msana wawo uli pachifuwa pake. Mpango wawo unkanunkhira sopo wa eni nyumba, koma pansi pake panali fungo lina, la mafuta a kumutu amene amayi ake ankadzola. Anadzikankha ndi chidendene.

Chimene chinatuluka m'kamwa mwake iye mwini sanachizindikire. Sichinali dzina, sichinali mawu. Chinali ngati chitseko chadzimbiri chimene achikankha ndi phewa. Mphepo inamumenya m'maso, nyali zabuluu zinasungunuka, a Fauziya anamugwira bondo mwamphamvu, ndipo asanafike n'komwe pakati pa kulirako chubu chinagunda matiresi a pansi n'kuima. Phirilo linali lalifupi. Silikanakwana maliro awiri.

Anakhala m'menemo akupuma, Misozi ataima patsogolo pawo kuwatchinga ku galasi. Ku kaphiri kakang'ono mphunzitsi anali akumasula ana matabwa kumapazi. A Fauziya anadzuka okha. Anatapa sinowo ndi manja awiri n'kupukuta nayo kumaso, anakonza mpango, n'kufunsa Misozi ngati maso akuoneka. Misozi anati akuoneka, koma aliyense wotuluka muno amatuluka ndi maso ofiira. Madamu akafunsa, anene kuti n'kuzizira.

"Uwauze amalume ako kuti uthenga wafika," anatero kwa Ajibu. "Uwauze kuti unandikhazika pansi. Foniyo ndiyatsa madzulo, ndione nkhope ya mlendoyo."

Anatola zikwama za ana pamene anazisiya, chimodzi phewa ili, china phewa ilo. Atayenda pang'ono anaima n'kucheuka.

"Kumene tikupita mawaku, mapiri ake ndi otani? Ngati lomweli?"

"Ayi, mayi. Ndi enieni. Munthu amatsika nthawi yaitali asanafike pansi."

Anaganiza pang'ono, akuyang'ana phiri la m'firijilo kuyambira pamwamba mpaka pansi.

"Chabwino," anatero, n'kupita kukatenga ana a eni.

Wailesi inakhosomolanso. Pamwamba panali patadzaza anthu, akupondaponda ndi kuzizira, akudikira. Ajibu anapukuta mphuno ndi golovesi, anavala chipewa, anaponya chingwe paphewa, n'kuyamba kukwera.